Wasungunuka Ndi Shuga

Tengwe,
21 Julayi 2024

Okondedwa Sisi Priscilla,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Cape Town kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tonse tili moyo, kuzizira kokha ndiko kwatilowa m'mafupa. Kalatayi ndapatsira Bright, mwana wa a Kalino uja, amene akubwerera kuntchito kwake Lachiwiri. Ndi iyeyo anatiuza kuti foni yanu anakuberani m'sitima ndipo simunagulebe ina. Pepani kwambiri. Koma kunena zoona, mbali ina ndakondwera, chifukwa mukanakhala ndi foni, nkhani zanga mukanazimvera kwa anthu a pakomboni pano, ndipo anthu amenewa akayamba kuthira nsinjiro, mwini nkhani yemwe saizindikiranso. Ndiye khalani pansi mumve kwa ine. Musathamangire kumapeto, ndimakudziwani.

Paja mukudziwa kuti chaka chino akoleji anatimwaza m'masukulu kuti tikayeserere kuphunzitsa, ndipo ine anandiika pasukulu yathu yomwe ija ya papulazi, Giredi 4. Sukuluyo sinasinthe. Ikadali shedi yakale ya fodya ija, mazenera opanda magalasi, khomo lopanda chitseko, moti mwana akatsokomola m'kalasi, amene ali kumjigo amamufunira mafuno abwino. Ndiye pamabwera aphunzitsi a kukoleji kudzakhala kumbuyo kwa kalasi, n'kumaonerera mmene ukuphunzitsira, kenako amakupatsa malikisi. Kwa ine amabwera Mai Gwenzi, mayi wamfupi wa magalasi a tcheni, amene mano ake sindinawaonepo.

Atabwera koyamba mu Malichi ndinalephera, Sisi, ndipo sindikubisirani. Ndinaima kutsogolo n'kumalakatula Chingerezi chokhachokha cha m'buku, kufuna kuonetsa kuti nanenso ndinapita kukoleji. Ana anangoti maso tuzu. Chilichonse chimene ndinkafunsa, yankho linali limodzi: "Yesi, madamu." Ndikanawafunsa ngati ali mbuzi, akanavomeranso. Titatuluka, Mai Gwenzi anandiuza mosazungulira kuti, "Mwaphunzitsa bolodi, ana simunawaphunzitse. Ndidzabweranso kamodzi kokha, kumapeto kwa Juni. Zikadzakhala zomwezi, mudzabwereza chaka."

Kubwereza chaka! Ine amene kumapeto kwa Juni komweko ndikanakhala nditalowa kale mwezi womaliza wa mimba yanga! Ndani akanandilola kuyambiranso ndili ndi khanda kumsana? Ndinadziwiratu kuti ndikalephera kachiwiri, za uphunzitsi zathera pomwepo, ndibwerera kushedi kukasankha fodya mpaka msana utapindika. Ndinkachita mantha, Sisi, mantha enieni.

Phunziro la sayansi limene linagwera sabata imeneyo linali la kusakaniza zinthu. Pali zinthu zina zimene ukazisakaniza zimaonekabe, monga mchenga m'madzi, ndipo pali zina zimene zimasungunuka osaonekanso, monga shuga ndi mchere. Ndinaganiza kuti ulendo uno, zivute zitani, ndiphunzitsa m'chilankhulo chimene anawa amatukwaniranamo pabwalo, Chichewa chathu chija cholowana ndi Chishona, ndipo mawu a Chingerezi a m'buku ndiwapatse pambuyo atagwira kale chinthucho ndi manja. Zipangizo pasukulu palibe, musachite kufunsa. Ana anabweretsa mabotolo a jamu ndi a chiponde, masupuni ndinakabwereka kwa azakhali a Duwa, shuga ndinatapa wa m'nyumba mwanga. Mlamu wanu Givemore anamwa tiyi wopanda shuga sabata yonse, nkhope ili gwaa ngati ndamulanda munda. Lolemba lake tinathira madzi a mchere pachivundikiro chakuda cha poto n'kuchiika pazenera kuti dzuwa lizichiwomba.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga, amake a Givemore, poti paukwati paja simunacheze nawo mokwanira. Ndi munthu wabwino mtima, koma khutu lawo limathamanga kuposa miyendo. Amagulitsa maputi, chimanga chokazinga chija, pageti la sukulu. Chiyambire pamene mimba inayamba kuonekera, dishi lawo la maputi linkasendera pang'onopang'ono, mpaka linafika pansi pa mtengo umene uli kuseri kwa kalasi yanga. Tsiku lililonse ankabwera ndi chikwama chodzaza matewera atsopano, kabulangeti ndi sopo, ati sizidziwika. Mdzukulu wawo woyamba, ndiye simungawadzudzule. Vuto lawo ndi limodzi: amalankhula Chishona chokha, Chichewa amamva theka, theka linalo amangodzazira okha.

Tsikulo linali Lachinayi, kunja kukuzizira koti zala sizinkagwira choko. Mai Gwenzi anafika m'mawa ndi galimoto yawo yaing'ono, analowa, n'kukakhala pabenchi la kumbuyo, fayilo pamiyendo. Ana ndinawagawa m'magulu. Tinayamba ndi chimanga chosakaniza ndi nyemba, ndipo anazilekanitsa ndi manja akuseka, ati iyi si sayansi, ndi ntchito ya Loweruka kunyumba. Tinapita pa mchenga ndi madzi. Anatakasa, madzi anada, anasiya, mchenga unakhala pansi. Mpaka apa zinkayenda bwino, ndipo ana ankayankha ndi pakamwa pawo, osati zija za yesi madamu.

Ndiye ndinakweza supuni ya shuga. Ndinati, "Uyu tikamuthira m'madzi atani?"

Pardon, kamnyamata kolongolola ka kutsogolo, anati, "Athawa, madamu."

"Athawira kuti, botolo lili ndi khomo limodzi?"

Anakanda mutu. Ena anati akhala pansi ngati mchenga, ena anati afa. Ndinawauza kuti pali mawu ake, ndipo mawuwo ndi kusungunuka. Ndinawalemba pabolodi, tinawatchula tonse, kenako ndinati gulu limene shuga wake ayambe kusowa lindiuze mokweza. Apa m'pamene ndinadzikumbira dzenje ndekha.

Madzi ofunda ndinali nditawakonza m'fulasiki, koma mwamuna wanga wanzeruyo ananyamula fulasikiyo popita kuntchito poyesa kuti ndi tiyi wake. Choncho tinagwiritsa ntchito madzi a pamjigo, ozizira oti mano amauma. Shuga wake anali wofiira uja wa mibulu ikuluikulu. Ana anatakasa, shuga ali phee pansi. Anatakasanso, shuga akungozungulira n'kubwerera pamalo pake. Kalasi yonse inali ngwe ngwe ngwe, masupuni kugunda mabotolo. Ndinaona Mai Gwenzi akuyang'ana wotchi yawo. Mwana naye m'mimba anayamba kumenya mateche. Mumtima ndinati, Ambuye, anthu amakupemphani zazikulu, ine ndikungopempha kuti shuga uyu asungunuke.

Mwadzidzidzi Tatenda, kamtsikana kamanyazi kamene chaka chonse sindinamvepo mawu ake, anakweza botolo m'mwamba poyang'ana kuwala. Linali mbee! Anakuwa, "Madamu, wasungunuka!" Gulu lina nalo linakweza lawo, kenako lina. Posakhalitsa kalasi yonse inali chiimire, akumenya mabenchi, akuimba ngati ali kumpira: "Madamu wasungunuka! Madamu wasungunuka!" Ndinasangalala, Sisi. Ndinaona Mai Gwenzi atadzutsa mutu, cholembera chikuyenda, ndipo ndinati basi, lero ndapulumuka.

Kaya Chishona munachiiwala kumeneko? Ndikukumbutseni. Ife timati shuga wasungunuka. Iwo mayi akachira, mwana atabadwa, amati asununguka. Tchulani mawu awiriwo mofulumira, muwaike m'kamwa mwa ana makumi anayi amene akukuwa, kenako muwatumize kudzera pazenera lopanda galasi kwa mayi amene wakhala miyezi akudikira pansi pa mtengo ndi chikwama cha matewera.

Choyamba ndinamva dishi likugwa. Kenako nthungululu, ikulowera chakumjigo, ndi mawu a apongozi akufuula kuti, "Muroora asununguka! Asununguka muchikoro!" Kutanthauza kuti mpongozi wawo wachirira m'kalasi. Ine sindinamvetse msanga, ndinayesa kuti kwagwidwa wakuba. Ndinapitiriza phunziro. Koma ndinamva pambuyo pake kuti a kumjigo anasiya zidebe zikusefukira, nkhani inakalowa m'shedi, amayi anasiya fodya pamatebulo, foromani akukuwa yekha. Wina anathamangira kunkhalango kumene Givemore ankatuta nkhuni za m'mabalani.

Ndinali nditangoyamba kufunsa ana kuti shuga wapita kuti pamene pakhomo panada. Apongozi analowa patsogolo, duku lili pakhosi, thewera kumanja. Pambuyo pawo amayi a komboni yonse, wina beseni, wina chitenje, wina ketulo ya madzi otentha, amayi a mpingo atayamba kale nyimbo. Panja panamveka thalakitala, ndipo Givemore analumpha isanaime bwino, ngolo ili kumbuyo, pamwamba pa nkhuni atayala matiresi amene mpaka lero sindikudziwa kuti anali a ndani. Analowa akupuma wefuwefu, maso ali psuu.

Anandipeza ndili chiimire, supuni kumanja, botolo la jamu kumanzere, mimba ili pamalo pake.

Nyimbo inaduka. Apongozi anandiyang'ana kumaso, anayang'ana mimba, anasuzumira kuseri kwa tebulo, n'kufunsa kuti mwana ali kuti. "Mwana aripi?"

Sisi, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinaponya diso kumbuyo. Mai Gwenzi anali ataphimba kukamwa ndi fayilo, maso okha akuoneka pamwamba pa magalasi, ndipo sindinathe kudziwa ngati akwiya kapena atani. Ndinati zanga zada. Munthu amene analephera ndi kalasi ya zii, nanga kalasi imene yasanduka msika?

Amene anayamba kumvetsa anali azakhali a Duwa. Anawerenga pabolodi movutikira, anayang'ana mabotolo, kenako anagwira nthiti. Anaseka mpaka kutsamira khoma. "Asewere!" anatero kwa apongozi. "Wasungunuka ndi shuga! Shuga, asewere! Makutu amenewo muzikatsukako!"

Kalasi yonse inaphulika. Koma apongozi anga si munthu wogonja pagulu. Manyazi awo anasanduka makani. Analanda botolo m'manja mwanga, analikweza, analipendeketsa, n'kunena m'Chishona chawo kuti, "Shuga wake uti? Muno muli madzi okhaokha. Mwatithamangitsa chabe, ndiponso mukunamiza ana a eni."

Ndisanatsegule pakamwa, ndinamva kamawu. "Gogo, lawani."

Anali Tatenda. Anatunga madziwo ndi supuni n'kuwafikitsa pakamwa pa apongozi. Iwo analawa, anatafuna milomo.

"Alimo," anavomera monyinyirika. "Koma wabisala pansi. Musefe muone, atsala pansalu."

"Gogo, tibwerekeni thewera," anatero Pardon.

Anawatsomphola thewera lija, latsopano loyera bwino, limene linagulidwira mwana wanga. Analiyala pakamwa pa botolo lopanda kanthu, anzake atagwira m'makona, n'kuthirapo madzi a mchenga aja. Mchenga wonse unatsala pansalu. Anasuntha nsalu, anathira madzi a shuga. Pansalu sipanatsale kanthu. Anawapatsa apongozi madzi osefedwawo, ndipo anali otsekemera chimodzimodzi.

"Mwaona, Gogo? Mchenga unangosakanizika, n'chifukwa chake wagwidwa. Shuga wasungunuka, wadutsa limodzi ndi madzi."

"Ndiye kuti akalowa walowa? Sabwereranso?"

Ana anayi anathamangira pazenera kukatenga chivundikiro chija, akulimbirana. Madzi anali atauma, patatsala zoyera zokhazokha. Mtsikana wina anafotokoza kuti Lolemba tinathirapo madzi a mchere, madzi anapita ndi dzuwa, mchere unatsala. Apongozi anapalapo ndi chikhadabo n'kulawa, ndipo amayi ena nawo anayamba kutambasula zala.

Apa mantha anandichoka pang'ono, ndipo ndinati popeza zawonongeka kale, bola ziwonongeke ana akuphunzira. Ndinauza amayiwo kuti aliyense amene ali ndi funso afunse, koma oyankha ndi ana, ine ayi. Azakhali anafunsa za chidulo chimene amathira m'therere, ndipo mwana wina anawauza kuti phulusa limatsala posefa, koma ukali wake umasungunuka n'kutsika ndi madzi. Mayi wina anafunsa za maheu. Pamenepo panabuka mkangano, ana okhaokha, ena Chichewa, ena Chishona, mpaka Tatenda anagamula kuti maheu ukawasiya amakhala pansi, ndiye kuti ufa sunasungunuke. Nditawafunsa mawu a Chingerezi a m'buku, anawatchula onse bwinobwino, ndipo Pardon anaumiriza Givemore kuti nayenso awatchule. Mwamuna wanga analuma lilime pamaso pa ana a Giredi 4, ndipo ndinati zakukhalira, wakuba fulasiki.

Chitsulo chitalira, Mai Gwenzi anaimirira. Mwa masiku onse amakukhazika pansi n'kukuonetsa pepala la malikisi. Tsikulo ayi. Anangotseka fayilo n'kunena kuti, "Ndachedwa, akundidikira kusukulu ina. Mudzamva kwa ahedi." Podutsa pamene panali apongozi anaima, nkhope ili gwa, n'kuti, "Makorokoto, mbuya," mawu aja amene amauza munthu akalandira mdzukulu. Kenako anatuluka n'kupeza kuti thalakitala yatsekera galimoto yawo. Givemore anakwera kuti aisunthe, thalakitala inakana kulira. Anachita kuikankha amayi a mpingo, mayi wa kukoleji ataima pambali akuyang'ana wotchi.

Madzulo ake ndinamukalipira Givemore mpaka mawu anandithera. Ndinamuuza kuti iye ndi amayi ake andiphera tsogolo, ndinamukumbutsa za fulasiki, ndinafukulanso ndi zina zosakhudzana ndi nkhaniyo. Iye anangopitiriza kusenda mbatata. Nditatopa anati, "Ndiye ukanakonda kuti ndimve kuti wachirira pasimenti, ine n'kupitiriza kututa nkhuni?" Ankanena zoona, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso kwambiri. M'mawa mwake ndinapeza nkhuku yomangidwa miyendo pakhomo. Apongozi sanabwere nayo ndi mawu alionse, ndipo nanenso ndinaidya osafunsa.

Masiku otsatira anali owawa. Ndikafunsa ahedi athu, Bambo Marufu, ankangotambasula manja, ati kukoleji kuli zii. Pakomboni moni wanga anasintha, aliyense ankati, "Mwasungunuka bwanji, madamu?" Makolo anayamba kubwera kudzadandaula kuti shuga akutha m'nyumba, ana akuthira chilichonse m'madzi. Pardon anabwera akuwala nkhope kudzandiuza kuti feteleza woyera uja naye amasungunuka ndipo botolo limazizira, koma bambo ake sanakondwere ndi kafukufukuyo. Ndinkaseka nawo, koma ndikakhala ndekha mtima unkangoti, Jesinta, wabwerera kushedi.

Sabata yotsatira akuchimuna anandiperekeza kwa azakhali, poti pamwambo wawo mwana woyamba amabadwira kwa akuchikazi, ndipo kwathu kumene kwatsala ndi kwa azakhali basi. Loweruka lina m'mawa ndikusesa pakhonde, msana unandigwira, ndipo ulendo uno sizinali za masupuni. Azakhali anatuma mkazi wa neba kukauza apongozi. Mukudziwa chimene anayankha? Osadzuka n'komwe pampando, anati, "Za mwana kapena za shuga?" Anakhulupirira ataona thalakitala ikudutsa ine ndili pangolo.

Sisi, ndinachira bwinobwino kukiliniki tsiku lomwelo dzuwa likupendeka. Ndi mtsikana, wathanzi, tsitsi lambiri, mphuno ya ababa athu yeniyeni. Za ululu sindilemba, inu mukuzidziwa, ndipo bwenzi mutandiuzako zoona m'malo momangoti ndi zazing'ono. Atandiika mwanayo pachifuwa ndinaiwala koleji, ndinaiwala Mai Gwenzi, ndinaiwala zonse. Ndinakumbukira amayi athu okha, ndipo ndinalira.

Lolemba lake tinali tikadali komweko, poti anesi anafuna kundionetsetsa. Chakum'mawa ndikuyamwitsa, ndinamva belu la njinga panja, kenako mawu a Bambo Marufu. Munthu wamwamuna salowa m'chipinda chimenecho, ndiye anaima kuseri kwa zenera n'kufuula ndi mphamvu zawo zonse zauhedi:

"Madamu Jesinta! Mapasa! Mapasa, madamu!"

Ine ndinamva nthawi yomweyo. Iwo munthu akakhoza mayeso amati wapasa, ndipo kwa munthu wamkulu amati mapasa. Ndakhoza, Sisi! Ndinangokumbatira mwana wanga, misozi ikugwera pamutu pake.

Koma panjapo panali azakhali a Duwa akuyanika nsalu, pamodzi ndi amayi atatu a mpingo amene anabwera kudzationa, Achewa okhaokha. Ndinangomva nthungululu. Azakhali analowa ngati mphepo, nsalu yonyowa ili paphewa, anayang'ana mwana, anayang'ana pabedi, anagwada n'kusuzumira pansi pake. Kenako anagwira nesi pamkono.

"Winayo mwamuika kuti?"

"Wina uti, gogo?"

"Musandipusitse ine! Ahedi ndi munthu wophunzira, sanganame. Akuti mapasa! Ndikuona mmodzi. Tulutsani mnzake!"

Ndinayesa kuwafotokozera koma kuseka kunandipweteka m'mimba, kulira nako sikunaleke, moti nesi anayesa kuti mutu wandisokonekera. Pamene tinkamaliza kuwamasulira azakhali, amayi a mpingo aja anali ataimba kale foni kukomboni. Tsiku lotuluka tinapeza anthu atadzaza pabwalo, tizipewa tiwiri toluka, mabeseni awiri, ndipo a Kalino anali atayamba kale kulangiza Givemore za miyambo ya mapasa, iye ali kakasi. Apongozi atamva mmene zinayendera anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi, miyendo tambalala. Anakodola azakhali n'kunena m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti, "Asewere, makutu muzitsuka!" Chiyambire tsiku limenelo awiriwa sasiyana, amakhala pamphasa imodzi kulimbirana kusambitsa mwana.

Bambo Marufu anadzandiuza bwinobwino pambuyo pake. Akuti Mai Gwenzi anaimba foni n'kunena kuti ana amene angatsutse agogo awo ndi umboni m'manja, amenewo aphunzitsidwa, ndipo malikisi anga ndi apamwamba. Akuti pepala sanandionetse tsiku lija chifukwa akanakhalitsa akanaseka pamaso pa apongozi anga. Anawonjezanso kuti sukulu igule chitseko. Tsopano kwanditsalira mayeso olemba okha, ndipo amenewo sandiopsa. Kushedi sindibwererako, Sisi.

Ndili ndi zopempha. Bright akamadzabweranso, mumupatsireko timasokosi ndi kajuzi kotentha, kuno zabwino n'zosowa. Ngati mungapeze maginito, ngakhale kakang'ono, munditumizire, ndikufuna ana anga adzaone misomali ikutuluka yokha mumchenga. Musaseke, ndikunena zoona.

Chopempha chachikulu ndi ichi. Mwanayu alibe dzina. Apongozi ali ndi lawo, azakhali ali ndi lawo, ana a Giredi 4 anatumiza nthumwi kudzapempha kuti akhale Shuga. Onsewo ndawakaniza, ndipo Givemore wagwirizana nane. Amayi atamwalira, inu munatuluka sukulu muli Giredi 6, mukukhoza kuposa ine, n'kukakhala m'shedi muja fumbi la fodya likukutsokomoletsani, kuti ine nditsale pabenchi. Pamene ahedi ankafuula pazenera paja, nkhope imene inandibwerera inali yanu. Dzina la mwanayu lichokera kwa inu. Musadikire Bright, bwerekani foni kwa aliyense muimbe pa nambala ya Givemore. Akukiliniki akundifunsa kuti alembe chiyani pakhadi, ndipo ndawauza kuti mwini dzina ali kutali, adikire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, muwauze kuti ali ndi mlongo wawo ku Tengwe. Akukupatsani moni azakhali a Duwa, apongozi, Givemore ndi Bambo Marufu. Akukupatsaninso moni munthu wina wamng'ono amene wagona pamiyendo panga pamene ndikulemba. Akalira sindidziwa kuti ndimutonthoze ndi dzina liti, ndiye ndimangomuuza kuti, "Tonthola, amayi ako aakulu akuganiza." Fulumirani, Sisi, tikudikira.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mphunzitsi Jesinta